Kugawa Kumodzi Kunatsala

Foni inaonetsa 10009. Panalibe kadontho, panalibe chotsala. Anafufuta zonse, nalembanso nambala ija pang'onopang'ono akuyang'ana pa pepala la bambo ake: 100160063. Anaigawanso ndi 10007. Yankho linabwera lomwelo.

Anakhala pa mpando wamatabwa m'kachipinda ka bambo ake, foni ili m'manja. Linali tsiku lachisanu chiikireni maliro a bambo ake, ndipo m'mawa umenewo amayi ake anamutuma chinthu chimodzi chokha: akopere nambalayo ndi zilembo zikuluzikulu pa pepala loyera, kuti wozokota miyala ya pamanda asalakwitse. Anasankha iye chifukwa anali mphunzitsi wa masamu kusekondale. Akanangokopera n'kutuluka, bwenzi tsikulo litayenda bwino. Koma sanangokopera.

Bambo akewo anthu ankawatcha a Sikelo. Anakonza masikelo zaka makumi anayi m'kachipinda komweka kuseri kwa nyumba: masikelo a m'mabutchala, a pamsika, a kuchipatala oyezera makanda. Manja atayamba kunjenjemera anasiya ntchito, koma m'kachipindamo sanasiye kulowa. Pa sikelo yawo yakale, imene ankayesera masikelo a anthu ena, panali kachitsulo kodindidwa nambala ya kufakitale. Tsiku lina anapeza buku lakale la masamu la mwana wawoyo. Kumapeto kwake kunali mndandanda wa manambala osagawika, aja oti ukawagawa ndi nambala ina iliyonse, kupatula 1 ndi iwo eni, pamatsala kanthu: 2, 3, 5, 7, 11, mpaka 9973. Onse analipo 1,229, ndipo anathera pamenepo chifukwa osindikiza bukulo analekezera pa 10,000. A Sikelo anafuna kudziwa ngati nambala ya pa sikelo yawo inali ya mtundu umenewo.

Ankagawa kamodzi patsiku, m'mawa, ndi pensulo. Za makina ankakana. Ankati makina awakonza moyo wawo wonse ndipo mabodza ake akuwadziwa. Anatha zaka zitatu ndi miyezi inayi, ndipo tsiku lililonse pankatsala kanthu. Atamaliza ndi 9973 analemba pepala lija: "Ndikadzafa, pa mwala wanga mudzalembe 100160063. Pansi pake mudzalembe kuti SIGAWIKA." Patapita miyezi iwiri anamwalira.

Chitseko chinakankhidwa. Analowa mlongo wake, mwana woyamba wa a Sikelo, dalaivala wa lole, akuzunguza makiyi pachala.

"Aphunzitsi, manambala naini okha mpaka kutuluka thukuta? Amayi avala kale. Wamiyala uja anati tikachedwa agwira ntchito ya munthu wina, ndipo ine mawa ndikubwerera kuntchito. Mwala umenewu ndiusiye utafika kumanda."

"Achimwene, tsekani chitseko."

"Kwagwanji?"

"Tsekani kaye."

Anatseka. Mphunzitsi anamupatsa foni. Iye anaiyang'ana, naitembenuza ngati yankho lili kumbuyo kwake.

"Ndikuona manambala. Ndiye?"

"Ikugawika."

"Chiyani?"

"Nambala ya abambo. Ikugawika ndi 10007. Sipakutsala kanthu."

Makiyi aja anasiya kulira.

"Foni yakoyo ndi yabwinobwino? Paja inagwera m'madzi."

"Yesani yanu."

Anayesa. Analakwitsa koyamba chifukwa zala zake ndi zazikulu. Kachiwiri anapeza 10009, nakhala pa bokosi la zitsulo zoyezera.

"Ndiye kuti mdala analakwitsa penapake."

"Sanalakwitse. Sanafike."

"Lankhula zoti munthu amve. Ine masamu ndinasiyana nawo mwamtendere."

Mphunzitsi anayamba kufotokoza. "Kuti udziwe kuti nambala sigawika, sufunika kuyesa manambala onse a padziko. Umalekezera pa nambala imene ukaichulukitsa ndi iyo yomwe ikufika pa nambala yakoyo. 10,000 kuchulukitsa ndi 10,000 ndi 100 miliyoni. Koma ya abambo yapitirira 100 miliyoni ndi 160,063. Mndandanda wa m'buku unachepa pang'ono. Kunja kwake kunatsala nambala imodzi yokha yoti ayese."

"Imodzi."

"Imodzi. M'mawa umodzi wokha, achimwene. Akanadzuka tsiku limodzi lina n'kugawa, akanadziwa okha."

"Nanga bwanji sanayese? Munthu woti ankabweza ndi sikelo yomwe ya kuchipatala chifukwa yaphonya ndi kulemera kwa machesi?"

Mphunzitsi anayang'ana pansi. "Chifukwa ndinawauza kuti asavutike."

"Iweyo?"

"Anandiimbira foni asanayambe. Ndinali pakhomo pa kalasi, belu litalira kale. Anandiwerengera nambala, anandifunsa kuti alekezere pati. Ndinangomva kuti 100 miliyoni chakuti. Ndinati, mndandanda wa m'bukumo ukukwana, mukafika kumapeto kwake mwatha. Ndinadula foni."

Mlongo wake anapukuta nkhope ndi dzanja. Panja amayi awo ankaitana kuti nthawi yatha.

"Tamvera," anatero motsitsa mawu. "Kopera nambalayo. Kopera liwulo. Tipite."

"Likhala bodza. Pa mwala."

"Ndani adzapita kumanda ndi foni kukagawa? Mbuzi? Anthu kumeneko amakalira, sakalemba mayeso."

"Ine ndidzadziwa."

"Iwe udzadziwa, ine ndidzadziwa, basi. Tidzafa nazo. Ukufuna ukawauze amayi kuti chiyani? Zaka zitatu akhala akuthimitsa wailesi m'mawa uliwonse. Alendo ankawabwezera pageti kuti abambo akugawa. Tsiku limene abambo anamaliza, amayi anawagulira chipewa chatsopano, anajambulitsa ndi chithunzi. Pamaliro anauza aliyense, ndi ogontha omwe. Dzana apa tinawathamangitsira kuchipatala, magazi atakwera. Ukufuna tikaike awiri mwezi umodzi?"

"Musalankhule choncho."

"Ndikulankhula zoona. Ndipo usaiwale, ukanena, ufunika unenenso amene anawalekeza. Amayi sadzakuiwalira. Ndikukuteteza iwe, aphunzitsi."

Anamuikira pensulo m'manja. Mphunzitsi anakopera. Manambala anatuluka okongola, ngati a pa bolodi tsiku loyendera akuluakulu a maphunziro. Pansi pake analemba liwu lija.

Kutsogolo kwa lole anakhala atatu mopanikizana, amayi pakati, chikwama chawo chakuda chili pamiyendo. Anali mayi wamfupi, wouma thupi, wosakonda kugwiridwa dzanja potsika masitepe. Anatenga pepala lija, naliyandikiza kumaso, nawerenga manambala amodziamodzi milomo ikugwedera.

"Walemba bwino," anatero. "Bambo ako 6 wawo ankaoneka ngati mbedza."

Mphunzitsi ankayang'ana pawindo, mashopu akudutsa.

"Wadya?"

"Ndadya, amayi."

"Nkhope yako ikukana."

"Ndi kutentha," anayankhira dalaivala msangamsanga, nasintha giya mopanda chifukwa.

Malo a wozokota miyala anali kumapeto kwa msewu wa akalipentala: shedi ya malata yopanda makoma, miyala yakuda ndi yotuwa itatsamira mpanda, fumbi loyera pena paliponse. Mwiniwake anali bambo wonenepa, nsidze zili mbuu, magalasi atawamanga ndi chingwe kumbuyo kwa mutu. Mwala wa a Sikelo unali utagona pa matayala awiri akale. Dzina ndi zaka anali atazokota kale. Pansi pake panali malo osalala.

"Mwafika, mayi. Pepaninso ndi zovuta." Analandira pepala, naliyang'ana, nakweza magalasi. "Ine ntchito ino ndalembapo mavesi, ndalembapo nyimbo. Wina anafuna ndimujambulire njinga yake. Koma nambala ya foni ya kumwamba ndiyamba lero."

"Si ya foni," anatero amayi. "Ndi nambala yosagawika. Amuna anga anaiyesa okha, zaka zitatu ndi miyezi inayi, ndi pensulo."

"Yosagawika ndi chilichonse?"

"Ndi chilichonse."

"Bola imeneyo. Ana sangakanganirane."

Dalaivala anaseka kwambiri, kuposa mmene nthabwalayo inkafunira. Wozokota anatenga rula ndi choko, nagwada, nayamba kujambula manambala pa mwalapo. Ankayeza mpata wa nambala iliyonse, kufufuta ndi chala, kujambulanso. Mphunzitsi anaima kumbuyo kwake.

"Tsopano," anatero wozokota, "lamulo langa ndi ili. Ndisanamenye, mwiniwake awerenge mokweza. Choko chimafufutika, koma mwala ulibe labala. Aphunzitsi ndi ati? Inu? Werengani, achemwali."

Anawerenga. Mawu ake anatuluka owonda.

"Zili bwino?"

"Manambala ali bwino."

Nyundo inayamba. Kachitsulo kosongoka kankayenda pa choko, tizidutswa ta mwala tikuthetheka. 1 anatuluka, kenako maziro awiri. Inali ntchito yochedwa. Amayi anakhala pa benchi, chikwama pamiyendo, osachotsa maso pa dzanja la wozokota. Dalaivala ankapita ku lole, kubwera, kumenya tayala ndi phazi, kubweranso. Nthawi iliyonse akadutsa pafupi ndi mlongo wake ankamuyang'ana ndi diso loti khala chete.

Nambala si bodza, ankadziuza mphunzitsi. Nambala ndi nambala. Ilipodi pa sikelo. Mpaka pano palibe chimene chalakwika. Anawerenga zimene zatsala: zinayi, zitatu. Anaganiza za ana a m'kalasi mwake amene ankawabwezera makope chifukwa cholumpha sitepe imodzi. Anaganiza za mawu a bambo ake pa foni tsiku lija, akuti, chabwino mwanangu, pita ukaphunzitse, ndakuchedwetsa.

3 womaliza anatha dzuwa litapendeka. Wozokota anauzira fumbi, napukuta ndi nsanza yonyowa, nadziwongola msana.

"Kwatsala liwu. Limeneli ndi lofulumira, zilembo eyiti." Anasuntha bondo, naika nsonga ya kachitsulo pamwamba pa S, nakweza nyundo.

"Dikirani," anatero mphunzitsi.

Nyundo inaima m'mwamba.

"Akufuna madzi," anatero dalaivala. "Pitirizani, bwana. Iwe, tiye ku lole."

"Musamenye. Chonde, musamenye."

Amayi anatembenuka. "Chavuta n'chiyani?"

Mphunzitsi anali atakonza mawu ambiri m'lole muja, oyambira kutali, ofewa. Onse anathawa.

"Amayi, ikugawika."

Wozokota anatsitsa nyundo pang'onopang'ono. Kwa akalipentala sowo inkalira, kenako inasiya.

"Bwerezanso."

"Nambala ya abambo ikugawika. Ndayesa m'mawa uno. Mndandanda wa m'buku unathera pa 10,000, koma kunatsala nambala imodzi kunja kwake. Imeneyo ndi imene ikugawa."

Dalaivala anali atatulutsa kale botolo la mapiritsi m'thumba la shati. "Amayi, imwani kaye kamodzi."

"Bweza. Sindinagwe." Maso awo sanachoke pa mwana wamkazi. "Ikugawika ndi chiyani?"

"Ndi 10007."

"Pakutsala zingati?"

"Palibe."

"Olo imodzi?"

"Olo imodzi, amayi." Anapuma. "Ndipo sanalakwitse ndi abambo. Anandifunsa polekezera. Ndine ndinawauza kuti mndandandawo ukukwana. Sindinawerenge bwino. Ndinali pa changu."

"Ndikudziwa kuti unali pa changu. Ndinali pomwepo, ndikusita. Foni imeneyo sinathe ndi mphindi imodzi yomwe. Bambo ako anaiyang'ana itaduka, anati, mwanayu ali ndi ntchito yambiri."

Mphunzitsi anaphimba pakamwa ndi dzanja.

"Usalire pano, pali fumbi, uoneka ngati chipukupuku." Anatembenukira kwa mwana wamwamuna. "Iwenso umadziwa?"

"M'mawa womwe uno, amayi. Ndimati..."

"Umati ndikagone pambali pa bodza mpaka kalekale. Malo anga ndi omwewo, waiwala?"

Dalaivala anabweza botolo m'thumba. Amayi ankayang'ana manambala aja, oyera pa mwala wakuda. Chibwano chawo chinanjenjemera kamodzi, nachigwira ndi dzanja ngati akuchikhazika pamalo pake. Mphunzitsi anadikira kuti amukalipire. Akanakonda kukalipiridwa.

"Amayi," anayamba, "manambala awiri amene atulukawo, 10007 ndi 10009, onse ndi osagawika. Ndipo asiyana ndi 2 yekha. Otere sapezeka wambawamba. Abambo akanasangalala kuti..."

"Usandinyengerere. Si zimene ankafufuza."

"Njira ilipo," anatero dalaivala. "Liwulo likadali la choko. Bwana angofufuta, patsale nambala yokha. Palibe bodza, palibe manyazi. Si choncho, bwana?"

"Nsanza ili pompa," anatero wozokota.

"Ndiye anthu azidzati ndi nambala ya foni ya kumwamba?" anafunsa amayi. Wozokota anayang'ana kumbali, nakanda khosi.

Amayi anatsegula chikwama. Anatulutsa mpango, magalasi, kenako kope la ana asukulu lopindika m'makona, lomangidwa ndi kalabala ka ndalama pamodzi ndi kapensulo kafupi ngati chala. Linali kope lomaliza la a Sikelo. Ana ake sankadziwa kuti amayi akhala akuyenda nalo chimwalirireni bambo awo.

"Bwerani kuno nonse. Inunso, bambo."

Anatsegula pakati. Tsamba lililonse linali ndi tsiku pamwamba, kenako kugawa kwa tsikulo, manambala atatsika ngati masitepe. Ananyowetsa chala, natembenuza masamba angapo, naima. Pa tsamba limenelo mzere umodzi wa manambala unali utadulidwa ndi mzere wowongoka wa rula. Manambala olakwikawo ankawerengekabe. Pambali pake panalembedwa kuti: "Ndalakwa apa. Onani pansi." Pansi pake kugawa kunayambiranso.

Anatembenuzanso. Panalinso pena. Ndi penanso, pomwe panalembedwa kuti: "Ndalakwa kawiri. Ndinadya mochedwa."

"Onani pansi," anawerenga dalaivala. "Ankauza ndani?"

"Aliyense amene angadzatsegule. M'nyumba mwanga labala sanagwirepo ntchito. Ndinawagulira kamodzi, anakamuika pansi pa mwendo wa tebulo kuti lisagwedere. Ankati munthu akafufuta, mawa adzalakwanso pomwepo." Anatseka kope, nalozera mwala. "Bambo, liwulo mulembe."

"Ndilembe?"

"Mulembe lonse, monga anafunira mwiniwake. Mukatha mulidule ndi mzere umodzi. Wowongoka. Zilembo zizionekabe."

Wozokota anachotsa magalasi. "Mayi, zaka makumi atatu ndikupewa kulakwitsa, lero ndidule liwu dala? Anthu adzati ndine ndinaphonya. Ntchito zanga zimadziwika."

"Akadzafunsa mudzawatumize kwa ine. Malo atsalapo pansi pake?"

Anayeza ndi rula. "Mzere umodzi ungakwane, wa manambala ang'onoang'ono. Ndilembepo chiyani?"

"Dikirani. Sitinadziwe."

"Amayi, foni yanena kale," anatero dalaivala. "Mafoni awiri."

"Foni si bambo ako."

Anatsegulanso kope, kumapeto. Tsamba lomaliza lolembedwa linali la 9973. Lotsatira linali loyera. Analisalaza ndi chikhatho, naika kopelo pa ngodya ya mwala, napereka kapensulo kwa mwana wamkazi.

"Gwada. Kunatsala kumodzi. Umalize."

Mphunzitsi anagwada pa fumbi. Kapensulo kanali ndi mano a bambo ake kumapeto. Analemba tsiku pamwamba, nalemba nambala yaikulu ija, nalemba 10007 kumanzere kwake. Anthu atatu anamuweramira, mithunzi yawo itadzaza tsamba. 10007 analowa kamodzi mu 10016, panatsala 9. Anatsitsa ziro, sizinakwane. Anatsitsa ziro wina. Dzanja linkathamanga lokha kufuna kufika kumapeto, kumene ankadziwa kale kuti kulibe chotsala. Anatsitsa 6, anatsitsa 3, nalemba 9 pamwamba. Atayang'ana yankho anaona kuti ndi lalifupi. Anali atalumpha ziro mmodzi. Anali atalemba 1009 m'malo mwa 10009.

Ananyowetsa chala chachikulu kuti apukute.

Amayi anamugwira pamkono. Dzanja lawo linali lozizira, lolimba.

"Usafufute. Bambo, mubwerekeni rula." Anadikira mpaka rula itafika. "Dula mzere. Ulembe pansi pake. Ndipo ulendo uno usathamange."